Pa mlatho paja, tisadikire maliro

Ndi ine ndemwe, mwana wa msodzi uja wokonza mainjini a maboti kuno ku Nkhotakota. Lero sindikamba za mwera kapena za usipa wosowa. Uthengawu ndi wautali, ngati muli pa ntchito usungeni, muwerenge madzulo podikira nsima. Koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa chapakatipo pali mlandu wanga womwe.

Sabata zitatu zapitazo mayi anga anagwa pa mlatho wa kwathu uja. Amene muli kutali, ndi umodzi mwa timilatho tija ta pa M5 tomwe galimoto ziwiri sizingapatukirane, ina imayenera kuima kaye kuti inzake idutse. Inali cha m'ma 5 koloko m'mawa, kusanayere bwino. Amachokera ku dooko atasenza beseni la usipa, akuthamangira kukayanika. Ali pa mlathopo, kutsogolo kukubwera lole, kumbuyo kabaza wopanda nyali. Iwo anachita zomwe tonse timachita, kudzikanikizira m'mbali kuti atsamire chitsulo chotchinga chija. Chitsulocho panalibe. Anagwera pansi, pa miyala. Mwayi wake anali atatsala pang'ono kumaliza mlatho, pamalo posatalika kwambiri, komanso madzi anali ochepa. Mkono wamanja unathyoka, pano uli m'chikhakha. Usipa wonse akhwangwala anachita nawo phwando.

Lole ija sinaime. Dalaivala wake sindikumuda kwenikweni. Mwina sanaone n'komwe, ndipo akanaona, tonse tikudziwa chimene madalaivala saimira pakachitika ngozi: amaopa miyala yathu.

Obwera kudzazonda akhala akunena zambiri. Ena akuti Mulungu ndi wamkulu, ena akuti Alhamdulillah, ndipo ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma ena akumanong'ona kuti awa ndi anzawo a pa msika, eti bizinesi imawayendera kwambiri. Apa nde ndimakana. Ntchito yanga inandiphunzitsa chinthu chimodzi. Injini ikabwera kachitatu itafa malo amodzimodzi, lero ili ndi mwini wake, mawa ili ndi mlovi, mkuja ili ndi wobwereka, sindifunsanso kuti amayendetsa ndani kapena anakangana ndi ndani. Ndimamasula ndione chomwe chalakwika pamalopo. Pa mlatho paja aliyense wa kuno akhoza kutchula m'bale wake amene anakhudzidwa ndi galasi la galimoto, anagwa ndi njinga, kapena anapulumuka ndi mpata wa chala. Onsewo analodzedwa? Mfiti yake yotani yongodikirira malo amodzi, pomwe palibe chitsulo, nthawi ya mdima? Vuto ndi mlathowo, komanso momwe tonse tikuugwiritsira ntchito.

Tikumbuke kuti mudzi uno ndi wakale kuposa phula. Jumbe uja, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, zombo zake zamatanga zikuwolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya lija, ulendo wa ku Kilwa. Mu 1863 David Livingstone anakhala pansi pa mkuyu womwe timaonetsa alendo lero. Amishoni a Anglican anabwera mu 1894, ndipo bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa konkuno pa tchalitchi cha All Saints. Anthu onsewa anapeza makolo athu akuyenda kale wapansi, kuchokera kumtunda kupita kunyanja, kuchokera kunyanja kubwerera kumtunda, mitolo ili pamutu. Msewu wabwera dzulodzuloli, n'kudula njira zathu pakati ngati mpeni pa chinangwa.

Malo ena msewu ukhoza kuuzemba, kudzera m'minda kapena kuseri kwa nyumba. Pa mtsinje palibe kozembera, makamaka dzinja, ndi ng'ona tili nazozi. Nde onse amakumana pompo: ana a sukulu, amayi a mabeseni, anjinga za makala, opita ku mzikiti, opita ku tchalitchi, onyamula maliro, mbuzi, a kabaza, masienta, mabasi a kumpoto, malole a shuga ochokera ku Dwangwa. Amene anamanga mlathowo anayeza kukula kwa galimoto. Munthu wosenza beseni sanamuyeze. Komatu khalani pamenepo m'mawa umodzi muone ngati ochuluka ndi a matayala kapena a miyendo.

Chomwe chandilembetsa lero ndi ichi. Nkhani yokonza M5 kuchokera ku Kaphatenga kudutsa pa Benga mpaka ku Dwangwa tonse taimva, ndipo tonse tikuifuna. Ine ndemwe ndatopa ndi kudikira masipeya tsiku lathunthu chifukwa cha msewu. Koma ndikuuzeni zowawa: zaka zonsezi amene amatiteteza ndi maenje aja timatukwana. Maenje ndiwo anali mahampu athu. Dalaivala amachepetsa moto poopa kuthyola galimoto, ife n'kupulumukira pomwepo. Msewu ukasalala, phazi likhala pansi kuchokera ku Salima mpaka pakhomo pathu. Walira mvula walira matope. Tikapanda kulankhula pano, phula latsopanolo litibweretsera maliro omwe maenje amatiletsera.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a fomu 2 okha. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaona munthu, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, sekondi yatha, mamita 22 apita. Mabuleki akagwira, phula lili louma, matayala ali bwino, ifunanso mamita oposa 30 kuti iime. Zonse pamodzi ndi pafupifupi mamita 60, kuposa theka la bwalo la mpira. Iyo ndi galimoto yaing'ono, lole yodzaza ifuna malo ochuluka kuposa apo. Tsopano galimoto yomweyo ikhale pa 30: imadya mamita 8 pa sekondi, ndipo imaima isanakwane mamita 15. N'chifukwa chake a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO amalimbikitsa kuti pamalo pomwe anthu apansi akusakanikirana ndi galimoto, liwiro lisapitirire 30. Pa 80 dalaivala amakuona ndithu, koma mabuleki amagwira atakudutsa kale.

Ife a pa nyanja izi timazidziwa kuposa wina aliyense, chifukwa boti lilibe mabuleki. Ngakhale woledzera sabwera pa dooko ndi moto wonse pomwe pali ana akusamba ndi amayi akutsuka mbale. Umachepetsa uli kutali, n'kumalowa pang'onopang'ono, mwinanso kuzimitsa injini n'kumalizira ndi nkhafi. Pa dooko palibe chikwangwani, koma wolowa mothamanga gombe lonse limamukuwiza. Mlatho wa pakati pa mudzi ndi chimodzimodzi dooko. Kusiyana kwake n'koti woyendetsa boti ndi wa konkuno, ana osambawo amawadziwa mayina, pomwe woyendetsa lole ndi mlendo, usiku sakudziwa kuti kutsogoloku kuli mudzi. Iyeyo afunika chinthu chomuuza, chimene thupi lake limve ngakhale ali ndi tulo.

Tsopano mlandu wanga uja. Chaka chatha kunabwera mnyamata ku shedi kwanga ndi chitsulo chachitali, cholimba bwino, chosachita dzimbiri, mtengo wake wozizira. Sindinafunse. Akulu amati safunsa anadya phula, koma ine sindinafunse dala, chifukwa yankho ndimalidziwa. Ndinakadulitsa kwa wowotcherera, tinapanga choimikirapo injini pokonza. Chili mu shedi mpaka lero. Sindinganene kuti ndi chomwecho chimene mayi anga amafuna kutsamira, koma mtundu wake ndi womwewo, mabowo a mabawuti ndi omwewo. Tsiku lomwe ndinachokera ku chipatala ndinachiyang'ana, nsima sinalowe.

Ndipo sindili ndekha, tisanamizane. Zikwangwani za pa msewu zimathera kuti? Ena apangira mbaula, ena ziwaya, ena mageti, ena ngolo, ena agulitsa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Wakuba amaba chifukwa wogula alipo, ndipo wogulayo ndi ife amisiri. Nde pamene tikuloza boma chala, tidziyang'anenso m'mashedi mwathu.

Zomwe ndikuona kuti tipemphe ndi zinayi, ndipo ndaziika motsatana ndi kufunika kwake.

Choyamba, liwiro. Mahampu mbali zonse ziwiri, galimoto isanafike pa mlatho, ndipo asanafike pa mahampuwo pakhale timizere tija togwedeza galimoto kuti wa tulo adzuke. Apakidwe utoto, chikwangwani chikhale patali. Ichi ndi chotsika mtengo kuposa zonse, komanso palibe angachibe, phula silipangidwa mbaula.

Chachiwiri, njira ya apansi payokha. Osati mzere wa utoto, mzere suletsa lole. Ikhale njira yotchingidwa, ya m'mbali mwa mlatho, yokwanira mayi wosenza beseni kupatukirana ndi munthu wokankha njinga. Ngati akumanga mlatho watsopano, nthawi yonenera ndi ino, simenti isanaume, chifukwa kuwonjezera pambuyo kumadula ndipo kawirikawiri sikuchitika. Ngati watsopanowo akuumanga pambali, wakalewo asaugwetse akaona kuti ukadali wolimba, atisiyire ife apansi ndi anjinga. Mabawuti a zitsulo zotchinga awawotcherere, sipanala isagwire.

Chachitatu, kuwala. Nthawi yomwe ife timadutsa kwambiri ndi yomwe dalaivala saona bwino: m'bandakucha pochokera ku dooko ndi madzulo pochokera ku msika. Ife anthu oyatsa nyali pakati pa nyanja usiku wonse kuitana usipa, tikulephera bwanji kuyatsa mlatho umodzi? Magetsi a sola awiri kapena atatu, okwezeka, bokosi la batire lowotcherera, basi.

Chachinayi, malo oimapo galimoto zogula nsomba. Apa ndikudziwa kuti achemwali anga andikwiyira. Amene munadutsapo pa Chia mukudziwa momwe zimakhalira, galimoto ikangochepetsa liwiro anthu athamangira nsomba zili m'manja. Kwathunso n'chimodzimodzi, ndipo malo omwe timakonda ndi pakamwa penipeni pa mlatho, chifukwa ndi pomwe galimoto zimadikirirana. Galimoto yogula ikaima pamenepo, yobwera kumbuyo imakhotera mbali ya apansi, ndipo mwana wotulukira kuseri kwa galimoto yoimayo saoneka. Sindikunena kuti muchoke pa msewu ayi. Msewu ndiwo munda wanu, fizi yanga ya ku sekondale inachokera pompo. Ndikunena kuti pakhale malo otambasuka, kupitirira mlatho pang'ono, pomwe galimoto ingatuluke mu msewu n'kuima. Wogula akaima mosaopa kuombedwa kumbuyo amatsika, amasankha, amagula zambiri kuposa wogulira pa windo.

Mnzanga wina woyendetsa minibasi ndinamuuza zimenezi, anati aise mahampu amapha masipuling'i, komanso amatichedwetsa. Za masipuling'i akunena zoona ngati hampuyo ndi yomangidwa mwachisawawa, yosongoka ngati mzere wa mbatata. Yomangidwa bwino, ukaidutsa pa liwiro lake, siphwanya kanthu. Za kuchedwa tinawerengera limodzi pa foni. Mamita 300 pa 80 ndi masekondi 14. Mamita 300 omwewo pa 30 ndi masekondi 36. Kusiyana kwake sikukwana theka la mphindi. Ndinamufunsa kuti pa siteji umaima nthawi yaitali bwanji kudikira pasinja mmodzi? Anaseka, sanayankhe.

Ena akuti bwanji tingomanga tokha. Izi nde ayi. Tinazionapo m'madera ambiri: ngozi ikachitika anthu atseka msewu, awotcha matayala, aunjika dothi ndi miyala kupanga hampu yawo. Apolisi abwera, achotsa, sabata ikatha aliyense waiwala. Ndipo hampu yopanda utoto, yopanda chikwangwani, usiku imagwetsa wa kabaza, yemwe ndi mwana wathu yemwe. Mkwiyo wa tsiku la maliro sumanga kanthu. Chomanga ndi kalata, chidindo, ndi kubwerezabwereza mpaka atatopa nafe.

M5 ndi msewu waukulu, oyang'anira ake ndi a Roads Authority, ndipo palibe angaike hampu pamenepo iwo osavomereza. Ndalama zosamalira misewu zimadzera ku Roads Fund Administration, ndipo gawo lina limachokera pa mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Asodzi anzanga, mwaimva imeneyo? Petulo yemwe timagula m'zigubu n'kukawotcha pakati pa nyanja, pomwe palibe phula ngakhale dontho, msonkho wa msewu timalipira nawo. Nde tikamapempha njira ya apansi pa mlatho tisachite manyazi ngati opempha mchere. Tinasonkha kale, usiku uliwonse wa kauni.

Njira yake ilipo. Nkhani iyambire ku VDC, ipite ku ADC, ifike ku khonsolo, kalata ikhale ndi chidindo cha agulupu ndi a T/A. Khansala ndi phungu alandire yawoyawo, ndipo tiwafunse poyera ngati ndalama za CDF sizingagule magetsi a sola ndi kukonza malo ogulitsirapo nsomba. Koma tisapite ndi pakamwa pokha. Tipeze kope, achinyamata tisinthane kwa sabata imodzi, m'mawa ndi madzulo, tizilemba apansi angati adutsa, njinga zingati, galimoto zingati. Tsamba lina tilembe ngozi zonse zomwe tikuzikumbukira, ndi zomwe sizinafike ku polisi zomwe, ngati ya mayi angayi. Munthu wa mu ofesi mawu amaiwala, koma pepala la manambala limamuvuta kuliponya. Tijambulenso zithunzi nthawi yoweruka ana a sukulu.

Pomwe tikudikira, zilipo zomwe sizifuna chilolezo cha munthu. Galimoto kuno zimayenda kumanzere, nde wapansi aziyenda kumanja, kuti aziyang'anizana ndi yomwe ikubwera. Ana tiwaphunzitse kuti galimoto ikalowa pa mlatho adikire ituluke, osapikisana nayo. A kabaza, babu ndi lotsika mtengo kuposa bokosi la maliro, ndipo amene waya wake wavuta abwere ku shedi, ndimulumikizira ulere. Tepi yonyezimira ija amamata kumbuyo kwa malole imamatikanso pa beseni, pa chikwama cha sukulu ndi pa keriyala ya njinga.

Ndipo za zitsulo tiike lamulo lathu. Ku Salima, chilumba cha Mbenje amachitseka miyezi ingapo chaka chilichonse pansi pa mfumu Makanjira, ndipo asodzi amamvera, chifukwa lamulolo ndi lawo. Ifenso tili ndi ma BVC omwe amatha kulanda ukonde woletsedwa. Alephera bwanji kugwirizana ndi amfumu kuti aliyense wopezeka ndi chitsulo cha pa mlatho kapena chikwangwani cha pa msewu, wogulitsa ndi wogula yemwe, alipire chindapusa? Woyamba kulipira ndikhala ine. Loweruka likubwerali ndinyamula choimikira injini chija kupita nacho kwa amfumu, dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone. Amisiri anzanga amene muli ndi zanu, tiyeni tipitire limodzi, manyazi agawanike.

Ndikudziwa ena muti mwanayu wayamba kulankhula chifukwa agwa ndi mayi ake. Zoona, sindikana. Zaka zonsezi ndimadutsa pamenepo, ndimaona mpata wa chitsulo uja, ndimangolambalala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine chandipeza, ndipo chandichitira chifundo, chifukwa ndikugula mankhwala, osati nsalu yoyera. Inu musadikire.

Mayi ali bwino pang'ono, zikomo nonse amene munabwera ndi amene munatumiza kangachepe. Chikuwavuta si mkono, ndi bizinesi. Usipa sudikira chikhakha. Nde kuyambira sabata yatha amene akusenza beseni lija ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa sitandade 6, asanapite ku sukulu. Nthawi yomweyo, mlatho womwewo, mpata wa chitsulo womwewo. Ndikumamuperekeza ndi tochi, koma tsiku lomwe boti lafera pa nyanja n'kundiitana usiku, amapita yekha.

Tumizani uthengawu ku magulu a BVC, a kabaza, a mpingo, a mzikiti, a makomiti a sukulu, ndi kwa aliyense amene ali ndi nambala ya khansala. Amene mukufuna kugwira nawo kope lija, mundipeza ku shedi, kapena pa mlatho pomwepo Lolemba 5 koloko m'mawa. Mubwere ndi cholembera.

Ndatha ine wanu,
mwana wa msodzi.